Kamera Imene Inaondetsa Mkamwini wa ku Kabudula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti ndine mkazi, ndipo tsiku loyamba sindinazikhulupirire. Ndinali nditakhala pakhomo pa bambo ku Nsaru zaka ziwiri chilembereni mayeso a Fomu 4, ndikuthandiza kusankha fodya ndi kuimba kwaya, pamene a Kalima anandiimitsa panja pa tchalitchi n'kundifunsa ngati ndingakonde kuphunzira kujambula kanema. A Kalima anali ndi kashopu pa Namitete. Ankajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi miyambo ya ziliza, n'kuziika pa zimbale za DVD. Ine mwamuna akandiimitsa n'kuyamba ndi mawu okoma, ndimayang'ana kaye kumene kuli njira yothawira. Ndinawauza kuti akafunse bambo, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Anabweradi Lachiwiri atavala jekete, ndipo vuto lawo analifotokoza mosabisa. Amayi anali atayamba kuchita maphwando olangiza mkwatibwi, kumene mwamuna saloledwa kulowa, ndipo ntchito zimenezo zinkawadutsa. Ankafuna munthu woti akhoza kulowa ndi kamera m'chipinda cha amayi popanda kuthamangitsidwa. Bambo, omwe anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, anafufuza za a Kalima sabata yathunthu asanavomere. Kukayika ndinatengera iwowo.

Kashopuko kanali chipinda chimodzi chogawidwa ndi nsalu. Kutsogolo kunali benchi ya makasitomala ndi TV yakale ija ya msana waukulu. Kuseri kunali kompyuta, makina owotchera zimbale ndi katoni ya matepi. Kamera inali yogwira ndi dzanja limodzi, yogwiritsa timatepi tating'ono ngati bokosi la machesi, kalikonse kotenga ola limodzi. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukanikiza batani lofiira. Ndinkanyamula miyendo itatu yoikapo kamera, kutchaja mabatire awiri, kubweza matepi poyambira, ndi kulemba dzina la mwambo pa tepi iliyonse ikangotuluka mu kamera. Ndinkaganiza kuti akundibisira nzeru dala kuti ndisadzatsegule shopu yangayanga, ndipo mpaka lero sindinatsimikize kuti ndinkawanamizira.

Atayamba kundiphunzitsa, malamulo awo anali ochepa. Dzuwa likhale kumsana kwako. Usamakoke chithunzi pafupi ndi kutali ngati ukupopa njinga. Ukaloza kamera pa munthu, werenga mpaka khumi usanachoke pa iye. Tikabwerako ku mwambo, tepi inkalowa mu kompyuta kudzera pa waya, ndipo ngati munajambula maola atatu munkadikira maola atatu, kupempherera magetsi kuti asathime. Kenako kudula mophonyeka, kuika mayina ndi nyimbo kumayambiriro, kuwotcha chimbale, n'kuchionera pa TV ya kutsogolo ija kasitomala asanabwere. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu zonsezi ndinkazichita osafunsa, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa zinthu.

Ndi nthawi imeneyo pamene mlamu wa a Kalima anabwera kuchokera ku Joni ndi kamera yachiwiri. Inabwera yopanda bokosi, yopanda buku, yokulungidwa mu juzi. Mumtima ndinati yakuba imeneyi, koma sindinanene. Kasikirini kake kotsegula pambali kanali kotalika cham'mbali kuposa ka yakale ija, ndipo pakona pake panalembedwa 16:9. Nditafunsa, a Kalima anati imeneyo ndi wayidi, za mafilimu, ndipo ananena ngati munthu wodziwa zambiri koma wosafuna kutopa. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti zomwe ankadziwa zinathera pa mawu amenewo.

Loweruka lina ntchito zinagwa ziwiri. A Kalima anatenga kamera yakale kupita ku Kasiya ku msonkhano wa makwaya, ine anandipatsa yatsopano n'kundikweza kabaza kupita ku chinkhoswe cha ku Kabudula. Aka kanali koyamba kundituma ndekha pa mwambo waukulu. Mtsikana anali Esnati, wa pabanja la alimi a fodya. Mnyamata anali Lameki, mmisiri womanga nyumba ku Joni, yemwe anabwera masabata awiri okha kudzachita chinkhoswe n'kubwerera. Ukwati unali woti udzachitike fodya akagulitsidwa. Kamera ija ndinaikonda tsiku limenelo. Mzere wonse wa amayi ovina unkalowa m'chithunzi popanda ine kubwerera chammbuyo mpaka m'munda wa anthu, ndipo pa kasikirini kake zonse zinkaoneka zokongola. Ndinabwerako ndi matepi atatu ndi mapazi otupa.

Sabata imeneyo a Kalima anagona ndi malungo, choncho kukonza kunagwera ine. Ndinatsegula pulogalamu ya pa kompyuta monga mwa masiku onse, osasintha kalikonse, ndinadula, ndinaika mayina, ndinawotcha. Nditaika chimbale pa TV ya kutsogolo, ndinaona Lameki akutuluka pansi pa chitenje chomwe anamuphimba nacho, ndipo ndinakhala pansi. Khosi lalitali, mapewa opanikizika, masaya olowa m'kati, suti ikungolendewera. Manja otuluka m'mikono ya jekete anali ngati bango.

Amene sanakhale zaka zimenezo sangamvetse zomwe ndinaganiza. Tinali titaika m'manda anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo anayamba ndi kuonda. Mankhwala otalikitsa moyo anali atayamba kufika, koma matendawo sitinkawatchula dzina, tinkangoti a masiku ano. Aliyense anali ataphunzira kuwerenga khosi ndi zigongono za mnzake mwakachetechete. Ine ndinkadzitenga ngati katswiri pa zimenezi. Mnyamata wa ku Joni, wokhala yekha zaka zinayi, wofulumira kukwatira: mutu wanga unamaliza masamu ake chimbale chisanafike pakati.

Mudzafunsa ngati ena onse sankaoneka oonda. Ankaoneka, koma sindinazione choncho. Amayi onenepa anangooneka osalala bwino m'zovala zawo. Esnati, wa nkhope yozungulira, anaoneka ngati mtsikana wa m'tauni. Ndinati ndiko kukoma kwa kamera yatsopano. Lameki yekha, yemwe anali wamtali ndi wa thupi lochepa kale, ndiye analibe poti n'kuchotsapo.

Chimbale anadzatenga ndi aNambewe, akazi a malume wamkulu wa Esnati. Anandiuza kuti amuna awo, a Kathumba, omwe ndi eni mbumba, sanakhalepo pa chinkhoswe chifukwa anagwa pa ngolo n'kuthyoka mwendo, ndipo mng'ono wawo ndiye anawaimirira. Mkamwini anali asanamuonepo ndi maso, ndiye ankadikira chimbalechi ngati mvula. ANambewe anakhala pa benchi n'kuonera chimbalecho. Pamene Lameki anaimirira kulandira moni, iwo anasendera kufupi ndi TV. Tsiku la mwambo iwo anatanganidwa kophikira, mkamwini anangomuonera patali.

"Kodi tsiku lija analidi chonchi, eti?" anandifunsa.

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kukhala chete n'kuwapatsa chimbale chawo. Koma ndinatsitsa mawu ngati mmene amayi amachitira pa mjigo.

"Ine ndinali nawo pafupi, mayi. Ankakhosomolanso."

Ndinaonjezeranso kuti chakudya sanachikhudze kwenikweni. Zoona zake n'zakuti Lameki anakhosomola kamodzi, lole yobweretsa abale ake itautsa fumbi, ndipo theka la anthu linakhosomola naye. Za chakudya, palibe mkamwini amadya mokhuta apongozi akumuyang'ana. Koma panthawiyo zonsezi zinkagwirizana m'mutu mwanga, ndipo aNambewe atachoka ndinamva kukoma mumtima, ngati ndapulumutsa mkazi mnzanga.

Patatha masabata awiri tinamva kuti a Kathumba aimitsa ukwati. Bamboyo anali ataika ana aakazi awiri a mlongo wake, onse okwatiwa ndi amuna obwera kuchokera kutali, ndipo analumbira kuti wachitatu sadzamupereka maso ali otseka. Anati palibe ukwati mpaka mnyamatayo abwere akayezetse, wa kubanja lawo ali pomwepo. Mawuwo sanakhale m'nyumba. Anthu omwe anavina pa chinkhoswe chija anayamba kukumbukira zinthu: wina milomo youma, wina kuti anakhala pansi msanga, wina kuti anamuona akumwa mapiritsi kuseri kwa nkhokwe. Nditamva, ndinagwedeza mutu ngati munthu amene ananeneratu.

Chinanditsegula maso ndi njinga. Ndinajambula kwaya ya kwathu ku Nsaru ndi kamera yomwe ija, panja pa tchalitchi. Wotsogolera kwaya ndi bambo wamfupi, wamimba, yemwe ndamudziwa kuyambira ndili mwana. Pa TV ya mu shopu anatuluka wochepa thupi ngati mnyamata wa sukulu. Ndinaseka kaye. Kenako ndinaona njinga yake yomwe anaitsamiritsa pa khoma kumbuyo kwa kwaya: mateyala ake sanali ozungulira, anali ngati mazira oimika. Ndinabweza tepi mu kamera n'kuyang'ana pa kasikirini kake, mateyala ali bwinobwino. Ndinayang'ananso pa TV, mazira. Ndinafufuza mu katoni matepi a ku Kabudula, n'kuika yoyamba mu kamera. Pa kasikirini kaja panali mnyamata wamtali, wa mapewa ake, wodzaza suti yake, akumwetulira mwamanyazi.

Ndinakhala nazo masiku awiri osauza munthu. Ndinayesa kupeza wina womukankhira mlandu. Ndinaganiza za mlamu wa a Kalima, kuti anatigwetsera kamera yowonongeka akudziwa. Ndinaganiza za a Kalima eni ake, kuti anandipatsa dala kuti ikalakwitsa, wolakwa ndikhale ine. Tsiku lachitatu ndinawaonetsa njinga ija. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa zomwe ndinagwira mu menyu, momwe mumasinthira kajambulidwe ka kamera. Ndinati sindinagwire kanthu. Sanandikhulupirire, ndipo inenso m'malo mwawo sindikanakhulupirira. Za aNambewe ndi chifuwa sindinawauze.

Tinapita nayo kamera kwa mmisiri wina wa m'tauni yemwe ankakonza makina otere, ndipo iye anatifotokozera ngati akuphunzitsa ana. Tepi ili ndi malo a chithunzi cha mtundu umodzi basi, cha 4:3, chomwe chimadzaza TV zathu zakale zija. Chithunzi cha wayidi, cha 16:9, n'chotambalala kwambiri cham'mbali, ndiye pa tepi sichikwana. Makamera ena amangonamizira: amaphimba pamwamba ndi pansi ndi mizere yakuda, chithunzi n'kuoneka chotambalala, koma kwenikweni mwangotaya zakumwamba ndi zakunsi. Ena, monga yathu ija, amajambuladi chotambalala, kenako amachipanikiza m'mbali kuti chilowe pa tepi, ngati mmene timadindira fodya pa jeke. Akatero amaikapo chizindikiro chosaoneka chouza makina oonetsera kuti achitambasule. Kasikirini ka kamera kamamvera chizindikirocho. Kompyuta yathu inali yotchera pa 4:3 kuyambira kale, ndipo poti ine sindinaiuze kanthu, inataya chizindikiro n'kuwotcha chithunzi chili chopanikizika chomwecho. Msinkhu wa munthu unkakhala womwewo, koma m'mbali aliyense ankataya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kukonza kwake kunali kusankha mzere umodzi mu pulogalamu, kuiuza kuti zithunzizi ndi za 16:9. Ikatero inkaika yokha mizere yakuda pamwamba ndi pansi, anthu n'kubwerera m'matupi awo. Ndinawotcha chimbale chatsopano madzulo omwewo. Ntchito yonse sinakwane ola.

A Kalima anati tisadikire kuitanidwa. Anali atamva kuti ankhoswe a mbali zonse akukumana kwa a Kathumba Loweruka, ndipo anatumiza uthenga kuti ifenso tili ndi mawu. Tinanyamuka m'mawa ndi kamera, chimbale chatsopano ndi waya uja wa mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Tinapeza a Kathumba atakhala pakhonde, mwendo uli mu chikhakha, utasanjikidwa pa mpando. Anali munthu wa thupi lake, wa maso osaphethira msanga. Kumanja kwawo kunali abale a Esnati. Kumanzere, pansi pa mtengo wa mango, kunali a Zakeyu, malume a Lameki, ndi amuna ena awiri, ndi mayi ake a Lameki atakhala pa mphasa. Esnati sanaoneke. Moni unali waufupi, ndipo aliyense ankayang'ana manja a mnzake.

TV anaitulutsa pakhonde n'kuilumikiza ku batire ya galimoto. A Kalima anafotokoza za kupanikiza kuja mmene akanathera, n'kupepesa, kenako ndinaika chimbale chatsopano. Lameki anatuluka pansi pa chitenje ali ndi thupi lake lonse. Mayi ake anatulutsa kamawu kakang'ono n'kugwira pakamwa. A Kathumba anaonera mphindi zingapo, kenako anakweza dzanja kuti ndiimitse.

"Mwezi watha munandibweretsera woonda, lero mwandibweretsera wonenepa. Ngati makina anu amatha zonse ziwiri, ndidziwa bwanji chabodza ndi chiti? Wakutumani ndani?"

Pofunsa lomalizalo anayang'ana pansi pa mango paja. A Zakeyu anadzuka theka n'kukhalanso. A Kalima anayamba kulumbira pa ana awo, koma kulumbira kunangoipitsa zinthu. Ine, kunena zoona, funsolo ndinalilemekeza, chifukwa ndi lomwe ndikanafunsa.

Ndinapempha kuti andilole kuchotsa chimbale. Ndinalumikiza kamera yeniyeniyo ku TV ndi waya uja, ndinazimitsa wayidi mu menyu, n'kuloza a Kathumba eni ake. Anadziona pa TV, mimba, chikhakha, ndodo, zonse monga zilili. Ndinawapempha kuti asachotse maso. Nditayatsa wayidi, bambo uja anafota pamaso pa mbumba yake yonse: nkhope inatalika, mapewa analowa, mimba inaphwa. Ena anaseka pang'ono n'kusiya msanga. A Kathumba sanaseke. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza katatu. Anadzigwira masaya. Kenako anaitanitsa lichero n'kuuza aNambewe kuti aliimike kutsogolo kwa kamera, ndipo anaona lichero la m'nyumba mwawo likusanduka dzira n'kubwerera.

Zitatero, a Kathumba anayankhula ngati munthu wamkulu. Anati waona, anati anaweruza mwana wa eni ake ndi galasi lonama, ndipo anapepesa kwa a Zakeyu ndi kwa mayi aja mowatchula mayina. Anati za kuyezetsa zikhale za ana awiriwo paokha, ngati mmene ampingo amalangizira aliyense, osati chilango. Ukwati upitirire. Ndinamva mapewa anga akutsika, ndipo ndinayamba kukulunga waya.

A Zakeyu anali asananene kanthu chiyambire. Anali munthu wochepa mawu, wovala chipewa chomwe anachigwira m'manja nthawi yonseyi. Anathokoza chifukwa cha kupepesako, kenako anati pali chimodzi chatsala.

"Za makina tamva, ndipo taona. Koma kwathu kwafika nkhani ya chifuwa, ndi yoti mwana wathu sakudya. Kodi makinawa amakhosomolanso?"

A Kathumba anatembenukira kwa akazi awo. ANambewe anali akadagwira lichero lija. Anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akuona kuti dzenje ndi la mmodzi, ndipo sakufuna kuti wolowamo akhale iye.

"Anandiuza ndi mtsikanayu. Anati anali naye pafupi."

Sindidzaiwala mmene a Kalima anatembenukira. Ndikanakana, akanakhala mawu anga ndi a aNambewe, ndipo mwina ena akanandikhulupirira. Ndinaganizadi zokana, sindibisa. Koma mayi ake a Lameki ankandiyang'ana kuchokera pa mphasa paja, ndipo ndinalephera. Ndinagwada n'kunena zonse: za fumbi la lole, za mbale ya chakudya, za mmene ndinaonera khosi pa TV n'kumangirira zina zonse pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti choonadi chimenecho palibe anachilandira. Chinali chochepa kwambiri. A Zakeyu anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndimapemphera kuti. Atamva za Nsaru, mmodzi wa amuna aja anati kumeneko kuli mphunzitsi wina yemwe anafunsirapo Esnati n'kukanidwa, ndipo amaimba kwaya. Mphunzitsiyo ndinkamudziwadi, tinkaimba limodzi, koma za Esnati ndinazimvera pomwepo. Ndinanena choncho. Ndinaona m'maso mwawo masamu akuyenda, ofanana ndendende ndi anga aja, ndipo ndinadziwa kuti palibe chimene ndinganene choti n'kuwaimitsa. Kwa iwo zonse zinagwirizana: mtsikana wa ku Nsaru, kamera yoondetsa, mawu onong'oneza.

Mayi ake a Lameki ndiwo anamaliza nkhani, ndipo sanakweze mawu. Anati kwa mwezi wathunthu akafika pa mjigo amayi amasiya kuyankhula. Anati ku tchalitchi ena amawapatsa moni wa pamaliro. Anati mwana wawo anamva pa foni, kwa mnyamata wa m'mudzi mwawo yemwe amagwira naye ntchito ku Joniko, kuti kwawo akuti watsala pang'ono kufa. Ndipo Lameki anawauza kuti sadzabwera kudzapimidwa nthiti ngati mbuzi ya pa msika, ngakhale apepese chotani. Iwo anabwera kudzangomva kumene mawuwo anayambira, ndipo tsopano amva. Anapinda mphasa yawo. A Kathumba anawaitana kuti akhale pansi akambirane, anayesa kudzuka kuti awatsatire, koma mwendo unakana.

Pobwerera, titafika pa msewu wa tala, a Kalima anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti andiuze kuti Lolemba ndisabwere. Anangoti: "Batani la wayidi lija tonse sitinkalidziwa, limenelo ndi langa. Chifuwa chija n'chako." Sanandichotse ntchito, ndipo masiku ena ndinkalakalaka akanandichotsa. Ankhoswe anayesa kawiri kulumikiza nkhani, sizinatheke. Ndinalembera Lameki kalata kudzera kwa mlamu wa a Kalima, sinayankhidwe. Ndimamva kuti ali moyo mpaka lero, ali ndi banja kwina.

Kuyambira pamenepo, ndisanajambule chilichonse ndimayang'ana pakona pa kasikirini kuti kamera ili pa 16:9 kapena pa 4:3. Ndinkafunsa kasitomala mtundu wa TV yomwe ali nayo kunyumba. Kumayambiriro kwa tepi iliyonse ndinkajambula teyala la njinga kapena mbale kwa kanthawi kochepa, ndipo chimbale sichinkatuluka mu shopu ndisanaone kuti chozungulira chatuluka chozungulira. Masiku ano ma TV ndi otambalala ndipo vuto linatembenuka: matepi akale aja ukawaonetsa osasamala, anthu amatuluka afupi ndi onenepa. Zonsezi n'zosavuta kuphunzira, ndipo ndaphunzitsa ena angapo.

Patatha mwezi chichitikireni za ku Kabudula, Esnati anabwera ku shopu. A Kalima anali atachoka. Nditamuona pakhomo ndinayang'ana kaye m'manja mwake, chifukwa ndinkayembekeza mwala kapena botolo, ndipo sindikanamudandaula. Anali ndi kachikwama basi. Anandipatsa moni bwinobwino n'kunena kuti amva kuti pali chimbale china, chokonzedwa, ndipo akufuna kuchiona. Tsiku la ankhoswe lija anamutumiza kwa azakhali ake, ndipo chimbale chatsopano tinabwerera nacho osazindikira.

Ndinachiika. Anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, n'kuonera kuyambira pa mayina mpaka pa nyimbo yomaliza, pafupifupi maola awiri. Makasitomala awiri analowa n'kutuluka. Anandifunsa za mizere yakuda ija, ndinamufotokozera, anagwedeza mutu. Pamene Lameki anatembenukira kwa iye pa TV n'kuseka chinachake chimene ine sindinachimve tsiku lija, Esnati ananena motsitsa kuti ndi ameneyu. Sanalire. Ine ndiye ndinali kuseri kwa nsalu ndikudziluma chala.

Chitatha anachitulutsa yekha, anachikulunga mu mpango n'kuchiika m'chikwama. Ndinayamba kupepesa, mawu omwe ndinawakonza mwezi wonse, koma anandidula mwaulemu.

"Asisi, ndingofunsa chimodzi. Tsiku lija munakhala nafe kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munamuyang'anako iyeyo, ndi maso anu?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga tsiku lonse lija, ola ndi ola, ndikufuna kupeza ngakhale kamphindi kamodzi. Ndinapeza kasikirini, batire, dzuwa, kuwerenga mpaka khumi. Munthuyo sindinamupeze. Ndinamuuza kuti ayi.

Anati anaganiza choncho. Anatsanzika n'kupita kukakwera kabaza wa ku Kabudula.

Ndajambula maukwati ambiri chichokereni tsikulo. Ndikafika pa mwambo, kamera imakhala m'chikwama mpaka nditapereka moni wa pamanja kwa mkwati ndi mkwatibwi n'kuwayang'ana kumaso. Ndipo pafupifupi pa ukwati uliwonse pamapezeka mayi wina wondikokera pambali n'kundifunsa motsitsa kuti inu amene munali nawo pafupi, mwamuona bwanji mnyamatayu. Ndimakhala ndi maganizo anga, chifukwa kukayika sikunandichoke. Ndimawayankha kuti sindikudziwa.